Zotero ndi ma PDF anga: ndinasiya kulimbana nayo

Ndinayamba kugwiritsa ntchito Zotero nditatopa ndi foda ya Downloads yodzaza mafayilo a mayina ngati "fulltext(3).pdf". Pofuna pepala limodzi ndinkayamba ndatsegula asanu. Pulogalamuyi inayambira ku George Mason University ya ku America mu 2006, ndi yaulere, ndipo ambiri amaitama chifukwa imakulembera mndandanda wa mabuku kumapeto kwa ntchito yako. Izo n'zoona. Koma ine chomwe chinandipatsa mutu kwa miyezi ingapo ndi mafayilo omwe timamata pa buku kapena pepala lililonse.

Ukakoka PDF n'kuiponya mu Zotero, imaiwerenga, imafufuza nambala ya DOI (nambala yozindikiritsa pepala lofalitsidwa), kenako imadzaza yokha dzina la wolemba, chaka ndi mutu, n'kusinthanso dzina la fayiloyo. Tsiku loyamba ndinachita kubwereza kawiri kuti ndikhulupirire. Ikakhala PDF yojambulidwa pa sikana, yomwe kompyuta imaiona ngati chithunzi chabe, apo palibe chomwe ingachite, umalemba wekha.

Nkhani yagona pa njira ziwiri zosungira. Yoyamba, Zotero imakopera fayilo n'kuisunga mu foda yake yotchedwa storage, iliyonse m'kafoda kakekake ka dzina la zilembo ndi manambala 8 osakanikirana. Nditasuzumira mmenemo mtima unangoti phwii. Timafoda mazanamazana, palibe n'kamodzi komwe kosonyeza zomwe zili mkati. Ndinati ayi, mabuku anga sangakhale chonchi, ndiye ndinasankha njira yachiwiri: fayilo imakhala komwe mwini wake waiika, Zotero imangosunga linki yolozera kumeneko.

Kwa kanthawi zinayenda. Kenako usiku wina, m'malo molemba chaputala chomwe chinkandidikira, ndinaganiza zokonza mafoda. Ndinasintha mayina, ena ndinawaphatikiza, mafayilo ena ndinawasamutsa. M'mawa mwake ndikudina pepala, Zotero ikuti fayilo sikupezeka. Ndidine lina, chimodzimodzi. Linki imaloza pomwe unasiya chinthu, ukachisuntha siyingalote komwe chapita. Kulakwa kunali kwanga, ndipo Loweruka lonse linathera kulozanso fayilo imodziimodzi. Pali pomwe umauza pulogalamuyi foda yaikulu ya mafayilo ako, potchedwa Linked Attachment Base Directory, ndipo pamathandiza ukasamukira pa kompyuta ina. Koma si mankhwala a munthu wa manja oyabwa ngati ine.

Ndinabwerera ku njira yoyamba ija. Ndinazindikira kuti timafoda tosamvekato sanatipangire maso anga. Ukafuna fayilo umaifufuza mu Zotero momwemo, ndipo ukaifuna yeniyeniyo kuti uitumize, umadina batani lakumanja n'kusankha Show File. Pepala limodzi likhoza kuoneka m'magulu atatu osiyana koma fayilo yake n'kukhala imodzi yokha, chomwe mafoda wamba sangakuchitire.

Pa nkhani ya malo m'pomwe munthu ayenera kutsegula maso. Mayina a mabuku, manotsi ndi matagi amasungidwa pa seva ya Zotero pa intaneti kwaulere popanda malire, koma mafayilo okha amakupatsa 300 MB. Kupyola apo umalipira pachaka, kuyambira 2 GB, kenako 6 GB, mpaka malo opanda malire. Ine 300 MB inatha msanga modabwitsa, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti si ma PDF okha: tsamba lililonse lomwe ndinkasunga kuchokera pa intaneti linkabwera ndi kope lake lonse, zithunzi ndi zonse. Ndinazimitsa zimenezo. Amene ali ndi seva ya WebDAV, malo ena osungira mafayilo pa intaneti, angasungireko mafayilo a laibulale yawo, koma osati a laibulale ya gulu, yomwe anthu angapo amagwiritsa ntchito limodzi. Mafayilo a gulu amadya malo a mwini gululo, ndipo a linki aja salowako n'komwe. Chenjezo lina lomwe eni ake amabwereza ndi lakuti foda yonse ya Zotero usaiike mu foda yomwe imadzikopera yokha pa intaneti, chifukwa fayilo ya zotero.sqlite, yomwe ndi mtima wa zonse, imatha kuonongeka.

Chomwe ndimakonda kwambiri chinabwera ndi Zotero 6 mu 2022: kuwerengera PDF mkati momwemo, kupaka mizere utoto, n'kukokera mawuwo mu notsi limodzi ndi nambala ya tsamba. Kungoti utotowo sulembedwa mu fayilo, umakhala mu database, nkhokwe ya Zotero ya zotero.sqlite ija. Ndinatumizira mnzanga pepala n'kumuuza kuti aone pomwe ndapaka chikasu, iye n'kuyankha kuti, "Iwe, chikasu chake chiti?" Panafunika kulitulutsa kudzera pa Export PDF kuti utoto upite nawo.

Zotero 7 ya 2024 inawonjezera kuwerenga ma EPUB, mtundu wa mabuku a pakompyuta, komanso ufulu wosankha momwe mayina a mafayilo azionekera. ZotFile, pulogalamu yowonjezera pa Zotero yomwe okonda linki ankadalira posamutsa mafayilo, sigwira pa mtundu umenewu, ndiye ambiri anasamukira ku ZotMoov. Ine sindinaiike. Foda ya storage ndinaitsegula komaliza tsiku lomwe ndinkaikopera pa disiki yakunja, ndipo ngakhale tsikulo sindinakhudze kafoda ngakhale kamodzi.