Nthochi kumalo ozizira: Musa basjoo kapena Dwarf Cavendish?

Basjoo mumadzala panja m'nthaka, Cavendish imafuna mphika waukulu woti muziulowetsa m'nyumba kukazizira.

Kupirira: basjoo masamba amapsa ndi chisanu koma mukaunjikira udzu wouma patsinde imaphukanso kukafunda. Cavendish chisanu chikangoigwira basi yapita, ndipo pansi pa madigiri 10 imangoima osakula.

Zipatso: za basjoo ndi njere zokhazokha, sizidyeka. Cavendish ndi yokoma, koma kuti ibereke imafuna kutentha miyezi yambirimbiri, nthawi zambiri mpaka mu greenhouse (nyumba ya mbewu yagalasi kapena pulasitiki yosunga kutentha).

Ndalama: basjoo ndi manyowa ndi madzi basi. Cavendish magetsi otenthetsera amaboola thumba, komanso kunyamula chimphikacho msana umamva ndithu.

Ofuna masamba okongoletsa pakhomo tengani basjoo. Ofuna kudya, ngati greenhouse muli nayo, Cavendish.