Boti lathu la matanga patatha miyezi 14: likuyenda bwino koma madzi akulowa

Dzulo ndalipira amisiri a maboti ku Senga Bay kachitatu pa vuto limodzi lomwelo. Pobwerera ku Lilongwe alamu anga anandifunsa ngati nawonso agule boti lotere, ine nditapsa mtima ndinangoti, "Alamu, musayerekeze." Lero mtima wakhalako pansi, ndiye ndati ndilembe bwinobwino.

Botili ndinagula mu Seputembala 2023 kwa bambo wina wa mu Lilongwe momwemuno, pamodzi ndi ngolo yake yokokera. Ndi lafayiba, lakale ndithu, lotalika pafupifupi mamita 5, la matanga awiri ndipo lilibe injini. Limatenga akuluakulu atatu ndi mwana mosapanikizana. Mlongoti timaimika anthu awiri, pasanathe theka la ola takhala tili pamadzi. Matanga ngotuwa koma sanang'ambikepo. Chiwongolero chimamvera. Galimoto yanga yaying'ono imalikoka mu msewu wa M14 mpaka ku Salima osatentha, kungoti potsika mapiri aja mabuleki amafuna ulemu. Mabeyaring'i a ngolo ndinasintha kamodzi, ndipo vuto linali langa, ndinkalowetsa matayala m'nyanja akadali amoto, girizi n'kusakanikirana ndi madzi.

Chondisowetsa tulo ndi madzi olowa m'boti.

Pansi pa botili pali thabwa lomwe timalitsitsira m'madzi kuti mphepo isamatikankhire cham'mbali, amati centreboard. Thabwalo limakhala m'kabokosi komatidwa ku thupi la boti. Tsiku logula ndinasuzumira paliponse, penti ili yatsopano, ili ngwee. Tinakaliyesa tsiku labata, osadontha. Miyezi yoyamba timadzi tinkapezeka tochepa, ine n'kumati ndi mafunde ogavikira. Zinaonekera poyera mu Juni mwera utayamba. Tinali tikubwerera kuchokera ku chilumba cha Namalenje, mphepo ikutiomba chakutsogolo, ndipo ndinangomva boti likulemera, likuchedwa kutembenuka. Mkazi wanga ankakapa madzi ndi chigubu chodula, koma omwe ankakapawo anali apamwamba chabe. Titafika kumtunda n'kutsegula kachitsekerero kakumbuyo, madzi anatuluka m'mimba mwa boti osaleka, tinadzaza ndowa zinayi. Amuna asanu ndi amene anatithandiza kulikwezera pangolo, pomwe masiku onse timakwanitsa atatu.

Kunyumba ndinathira madzi m'kati, boti lili pangolo, n'kugona pansi pake kudikira dontho. Palibe. Mmisiri woyamba anangomata m'mbali mwa bawuti yomwe thabwalo limazungulirapo, sabata yotsatira madzi anabwerera. Wachiwiri anapaka utomoni kunja, unagwira maulendo awiri okha. Wachitatu, mkulu wina wokonza maboti a asodzi, anachita zomwe sindinaganizepo. Anapaka thovu la sopo mozungulira kabokosi, anandiuza kuti ndipope mpweya pang'onopang'ono ndi pampu ya njinga, iye akukankha thabwalo cham'mbali ndi bondo. Thovu linayamba kufufuma kutsogolo kwa kabokosi, mzere wotalika ngati chikhatho changa. Ndiye kuti mng'aluwo umatseguka pokhapokha thabwa likapanikizika, monga zimakhalira poyenda molimbana ndi mphepo. Boti likaima umatsekeka wokha. Atapala penti ndi msasa anandiitana, "Achimwene, tabwerani muone." Pansi pake panali phala lija amamatira galimoto zophwanyika, lopanda ulusi wa fayiba ngakhale pang'ono. Wina anagundapo mwala kale, anamata mwachangu n'kupenta. Kuwonjezera apo, chogudubuza chimodzi cha ngolo chinakhala pansi penipeni pa malo amenewo, ndiye bampu iliyonse ya mumsewu inkakulitsa balalo.

Tsopano adula, aika magawo angapo a fayiba m'kati ndi kunja, chogudubuza achisuntha. Sindinaliyese pa mphepo yamphamvu chifukwa mwera unapita kale, ndiye sindinganene kuti zatha. Ndalama zomwe zapita pa mng'alu umenewu zatsala pang'ono kukwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa boti. Botili ndinaligula kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma utomoni, fayiba ndi zingwe ndakhala ndikugula itagwa kale, ndipo zonsezi n'zochokera kunja.

Komabe ndikanena zoipa zokha ndinama. Mmawa wina wa Okutobala wapitayu tinanyamuka dzuwa lisanatenthe, kamphepo ka vuma kakuomba kuchokera kum'mawa, asodzi a usipa akubwerera ndi nyali zozima. Tinafika ku zilumba za Maleri popanda phokoso lililonse kupatula madzi akunyambita boti. Tinaponya nangula, mwana wanga anayang'ana pansi n'kuona mbuna zabuluu zikuzungulira miyala, nkhwazi ikulira pamtengo. Masabata amenewo anthu ankagona pamizere ya mafuta, maboti ena a injini ali pamchenga, ife tinayenda tsiku lonse osawononga dontho. Inde, galimoto yokokera imafuna petulo, ndipo maulendo awiri tinalephera pa chifukwa chimenecho. Koma usiku wa tsiku limenelo ndinauza mkazi wanga kuti botili sindidzagulitsa.

Nyanja nayo yandiphunzitsa kufunsa. Asodzi akati lero mwera ukula, sinditsutsa, ndipo a zanyengo akachenjeza timangokhala kumtunda. Nthawi ya dzinja mpoto umabwera ndi mitambo mwadzidzidzi, choncho sitipita kutali. Aliyense amavala jekete yoyandamitsa, ngakhale wodziwa kusambira. Nyanja itadzaza kwambiri mu 2024, mchenga womwe tinkatsitsirapo boti unamira, tinachita kupempha malo ena.

Abambo anandigulitsa aja ndinawatumizira zithunzi za phala lija. Poyamba anati sankadziwa, nawonso anagula lili choncho. Nditawakumbutsa kuti anandiuza okha kuti penti anapaka iwowo mwezi umodzi asanandigulitse, anakhala chete masiku anayi. Kenako anaimba n'kunena kuti, "Bambo, tisayambane, ndikupatsani theka la zomwe mwawononga." Atumiza pafoni gawo loyamba, lotsalalo akuti kumapeto kwa mwezi. Sindikuwayesa wakuba, koma chomwe chikundipweteka n'chakuti tsiku la ku Namalenje lija mwana wanga anali m'botimo, ndipo iwo akanangonena, ndikanagulabe motsikirako n'kukonzeratu.

Alamu ndawaimbira m'mawa uno kubweza mawu a dzulo. Ndawauza kuti agule, koma akaone penti yatsopano pansi pa boti lakale afunse chomwe yabisa, atenge mmisiri wa kunyanja ndi sopo wake, akaliyese tsiku la mphepo, ndipo asunge ndalama yapadera yokonzera. Langali ndilisunga mpaka mwera wa chaka chamawa. Likakhala louma ndipo abambo aja akamaliza kulipira, ndidzati ndinagula bwino. Madzi akalowanso ndidzaligulitsa motsika, mng'aluwo nditamuonetsa wogulayo.