Mustang ya 1966 ija patha chaka: injini ilibe mlandu, koma madzi andidyera ndalama

Pepala la mmisiri wa bodi lafika sabata ino, akuti madola 3,800 kuti atseke pomwe pakulowera madzi, penti osawerengera. Ndiye ndati ndilembenso, poti chaka chatha nditangoigula galimotoyi ndinaichemerera kwambiri, ndipo anzanga angapo kuno ku Indiana akhala akundifunsa ngati nawonso agule yakale yoti aziseweretsa Loweruka.

Kwa amene simunaione, ndi Ford Mustang ya 1966, coupe (ya zitseko ziwiri, denga lolimba), injini ya masilinda 6 ya 200 cubic inch, kapena kuti malita 3.3, giya ya otomatiki ya C4. Si V8 ya 289, ya masilinda 8, imene anthu amailimbirana ija ayi, ndi yaing'ono yake, matayala ake amamangidwa ndi manati 4 pomwe za V8 ndi 5. Ndinaigula madola 11,000 kwa mdala wina kutsidya ku Michigan, pafupi pomwepa ndi South Bend.

Zabwino ndizitchula mwachangu chifukwa zilibe nkhani. Injini imalira kamodzin'kamodzi m'mawa, sisuta, sidya oyilo, bola uziithira oyilo wokhala ndi zinc poti camshaft ya injini zakalezi imatha msanga ndi oyilo wamakono. Giya ilibe vuto. Ukatsegula boneti umaona mpaka pansi pa simenti, mapulagi onse 6 ali poyera, dzanja limalowa paliponse, palibe kompyuta yoti ikuuze zoti upite kwa dila. Masipeya ndiye osanena, chaka cha 1966 chokha Ford inapanga ma Mustang opitirira 600,000 ndiye pafupifupi kachitsulo kalikonse kakupangidwabe mpaka lero, umaoda Lolemba pofika Lachinayi kafika, mtengo wake wochepa kuposa wa masipeya a galimoto yanga yopitira kuntchito. Chokhacho mugule masipanala a mainchi, 1/2 ndi 9/16 ndi amene amagwira ntchito kwambiri, a mamilimita tinazolowera pa ma Toyota aja amangozunguza mitu ya mabauti. Mapointi, tizitsulo tothandiza kupereka moto ku mapulagi, ndinachotsa n'kuika zamagetsi. Mabuleki ndi a dramu matayala onse anayi ndipo master cylinder yake, imene imakankha mafuta a mabuleki, inali ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse apita, ndiye ndinaika ya zipinda ziwiri ngati za 1967. Imeneyo musazengereze nayo.

Kavuto kakang'ono ndi koti imavuta kulira ikatentha. Ukaima pa sitolo mphindi zochepa m'chilimwe, pobwera sitata imangozungulira osagwira, chifukwa kabuleta yake ili pamwamba penipeni pa ekizozi ndiye petulo amawira momwemo. Petulo wa kuno ambiri ali ndi ethanol 10 peresenti, amawira msanga komanso amadya mapaipi akale a labala. Kumudzi zimenezi si zachilendo, petulo wathu anayamba kusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kale mu 1982. Ukaponda mafuta mpaka pansi n'kuliza imadzuka, ndipo nditasintha mapaipi ndi kuyamba kuthira petulo wopanda ethanol zinachepa. Ndi wodulirapo koma galimoto yoyenda Loweruka lokha siikusaukitsa.

Tsopano madziwa.

Tsiku logula galimoto inali m'galaja youma, kapeti yatsopano yakuda bii, kununkhira bwino, mdala akuti wangoisintha kuti mkati mukongole. Miyezi yoyamba ndinkangoitulutsa kukacha bwino. Kenako tsiku lina mvula inandipeza panjira, ndikufika kunyumba sokosi yakumanzere yanyowa. Ndinayamba ndi labala wa galasi lakutsogolo, ndinasintha, madzi osasiya. Labala wa zitseko, chimodzimodzi. Ndinafika poganizira hita kuti mwina ikudontha koma madzi ake sanali obiriwira, anali a mvula enieni. Pa kamsonkhano kena ka magalimoto akale bambo wina wachikulire, mwini galimoto ya Studebaker, paja zinkapangidwa konkuno ku South Bend mpaka 1963, anangomva nkhani yanga theka n'kukatenga botolo la madzi. Anathira pa timipata tija tili pakati pa boneti ndi galasi, pomwe amati cowl, n'kundiuza kuti ndigone chagada pansi pa dashibodi ndi tochi. Abale, madzi anatsika ngati ndatsegula mpopi, ena kundigwera kumaso, osakanikirana ndi tizidutswa ta dzimbiri ndi masamba owola.

Mmene zilili ndi izi. Pansi pa timipatato pali bokosi lachitsulo lolowetsa mpweya m'galimoto, lili ndi mabowo awiri ozungulira okhala ndi khosi lokwera, lina kumanzere lina kumanja kolowera ku hita. Madzi amayenera kuzungulira makosiwo n'kutulukira m'mbali kuseri kwa mamadigadi. Zaka pafupifupi 60 masamba akugweramo, ngalande zija zimatsekeka, matope amakhala onyowa, chitsulo chimaola kuzungulira khosi ndipo madzi amangotsikira pamapazi. Choipa kwambiri pa za 1965 ndi 1966 chivindikiro cha bokosilo ndi chowotcherera, sungamasule ndi sikuludiraiva. Kuti ufikemo uchotse boneti, mamadigadi onse awiri, galasi lakutsogolo, kenako uboole timadontho towotcherera tambirimbiri kamodzikamodzi. Chitsulo chatsopano chake si chodula, imene ikudula ndi ntchito.

Nditavundukula kapeti ija ndiye ndinakhala pansi. Kumanzere pansi panali chigamba cha lata chomata ndi ma rivet, chopakidwa phula lakuda pamwamba, ma rivet ake akuwala mbee, osati a zaka 20 zapitazo ayi. Kumanja sikuludiraiva inalowa popanda kukankha. Chikomekome cha mkuyu chija. Ndipo Mustang ilibe chasisi yapayokha ngati lole, bodi yomweyo ndiye mphamvu ya galimoto, ndiye pansi pakaola si nkhani ya kunyowa mapazi yokha.

Ndinamuimbira mdala uja. Poyamba ulemu wonse, akuti pazaka zonse anakhala nayo sanayendepo nayo pamvula ndiye sakanadziwa. Ndinamufunsa za chigamba, akuti mwina ndi amene anamugulitsa iyeyo. Ndinamutumizira chithunzi cha ma rivet owala aja pamodzi ndi risiti ya kapeti imene anandipatsa yekha mu envulopu ya mapepala a galimoto, ya mwezi umodzi ndisanagule, foni inayamba kungoitana. Patapita masabata anayankha ndi meseji yoti pa pepala logulitsirana tinalemba kuti ndaigula mmene ilili, ndipo ndi zoona, kugula kwa munthu wamba kuno kumakhala choncho, ulibe kokadandaula kwenikweni pokhapokha ukhale ndi umboni woti ananama dala, ndipo loya yekha angadye kuposa ndalama ukuifunayo.

Panopa ndaika chivindikiro cha pulasitiki pa timipata tija, mvula ikamabwera galimoto siituluka. Nyengo yachisanu siyenda n'komwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo imagona m'galaja batire itachotsedwa, chifukwa mchere amathira m'misewu kunoku ungaimalize.

Ndiye mukandifunsa ngati ndi yabwino, zimatengera tsiku. Loweruka dzuwa likuwala, mawindo otsitsa, anthu pa filing'i siteshoni kumabwera kudzandiuza kuti bambo awo anali nayo yotere, mwana wanga atagwira sipanala akuphunzira kusintha mapulagi, ndimati ndalama imeneyi sinapite pachabe. Lolemba ndikayang'ana pepala la 3,800 lija, kuonjezera pansi ponse pofunika kudula n'kuwotcherera, kuonjezera penti, ndimaona kuti ndidutsa 17,000 pa coupe ya masilinda 6 imene ngakhale itawala bwanji siingagulidwe mtengo wa V8 kapena fastback, ya denga lotsetserekera kumbuyo ija. Ndalama yokonzera dzimbiri siibwerera pogulitsa, wogula amangoona kuti galimoto ilibe bowo basi.

Amwene amene munandifunsa za ija mwaiona ku Indianapolis, pitani ndi chigubu cha madzi, tochi ndi maginito woyesera ngati m'mbali mwa matayala anamatamo filla, phala lobisira mabowo a dzimbiri. Thirani pa cowl mwini wake akuona. Akakana, kapena mukaona kapeti yatsopano pa galimoto yoti zina zonse ndi zakale, chotsani madola 4,000 pa mtengo wake kapena bwererani.

Ine yanga sindigulitsa pano, ndani angaigule bwino ili chonchi. Mmisiri wavomera kuti boneti, mamadigadi ndi mipando ndichotse ndekha kuti mtengo utsikeko, ntchito iyamba mu Novembala. Mdala uja atamva kuti nkhani yake ikudziwika kwa anzake a kumisonkhano ya magalimoto wandiimbira yekha dzana, akuti andipatsa madola 500 ndi kabuleta ina imene inatsala m'galaja mwake, koma ndilembe kuti nkhani yatha. Ndamuuza kuti 1,500, sanayankhebe.