Kosi ya business analysis pa digiri ya kompyuta: nyenyezi 4 mwa 5

Ndalipira fizi ya makosi ambiri pa digiri yanga ya kompyuta pa yunivesite ina muno mu Lusaka, ndipo mutandifunsa kuti ndi iti imene ndalama yanga sinapite pachabe, ndingayambe kutchula iyi, ya Java ndi ya ma network zibwere pambuyo. Nyenyezi imodziyo ndaichotsa dala, zifukwa zake ndifotokoza.

Kwa amene simunaifike, ndi kosi ya semesita imodzi ndipo ife tinakumana nayo m'chaka chachitatu. Simulemba code ngakhale mzere umodzi, n'chifukwa chake anzanga ambiri ankaiderera, amati ndi pothawira anthu amene programming yawakanika. Chimene mumaphunzira ndi kufufuza zimene bizinesi ikusowadi pulogalamu isanayambe kupangidwa. Mumafunsa anthu, mumakhala pansi n'kuonerera ntchito ikuchitika, mumajambula mmene ikuyendera lero ndi mmene iyenera kuyendera, kenako mumalemba ma requirements, kutanthauza zimene pulogalamuyo iyenera kuchita, oti wopanga pulogalamu ndi mwini ndalama akawerenga amve chinthu chimodzi.

Mphunzitsi wathu anagwirapo ntchito kubanki asanayambe kuphunzitsa, ndipo zinkaonekeratu. Ankakonda kunena kuti munthu akakuuzani kuti akufuna app, ndiye kuti vuto lake sanakuuzeni. Anatigawa m'magulu n'kutiuza kuti gulu lililonse lipeze bizinesi yeniyeni, osati yopeka. Pamenepa ndi pamene pali phindu la kosi yonseyi.

Gulu lathu linapeza mayi wina wa shopu yopikulitsa ku Kamwala. Amagulitsa shuga, saladi, sopo ndi zina zotero kwa eni tuntemba ochokera ku Chawama, Kanyama ndi Misisi, ambiri a iwo pa nkongole. Tsiku loyamba anatilandira ndi mawu akuti, "Ana anga, ine ndikufuna kompyuta yoti izindiuza amene akundibera." Mumtima mwawo mlandu anali atauweruza kale, wakuba anali mmodzi wa antchito awo. Ife tinapempha kuti tingokhala pakona tizionerera, ndipo tinajambula chithunzi cha swimlane, chosonyeza zimene munthu aliyense amachita pamzere wake, cha mizere inayi: wogula, mtsikana wa pakauntala, mnyamata wotulutsa katundu, ndi mayiwo.

Chithunzicho chitatha, nkhani inaoneka yokha. Ogula ambiri amabweza nkongole kudzera pa Airtel Money kapena MTN, ndipo ndalamazo zimapita pa foni ya mayiwo. Koma mayiwo nthawi zambiri sakhala pashopu, amakhala ali kubanki kapena kokaoda katundu, foni ili m'chikwama. Wogula amafika pakauntala n'kunena kuti "ndatumiza kale", mtsikana uja alibe poonera. Nthawi zina amafufuta dzinalo m'kabuku ka nkongole pongokhulupirira, nthawi zina safufuta, munthu wolipira kale n'kumadzamulonjereranso mpaka kukangana. Chinanso, ambiri amatumiza kudzera pa booth, kotero uthenga ukafika pa foni susonyeza dzina la wogulayo. Madzulo mayi akamafananitsa mauthenga ndi kabuku, zinthu sizigwirizana. Wakuba sitinamupeze. Ndalama zinkasokonekera pakati pa foni ndi kabuku basi.

Zimene tinalemba mu lipoti zinali zosachititsa chidwi ngakhale pang'ono: nambala ya malonda pa foni yokhala pakauntala tsiku lonse, lisiti ya nambala pa malipiro alionse, ndi fayilo ya Excel yofananitsira madzulo. Anyamata awiri a m'gulu mwathu anakhumudwa chifukwa ankafuna kupanga app ya Android. Mphunzitsi anatipatsa mamaki abwino pa lipoti lonena kuti app siikufunika pakadali pano, ndipo kosi yotha kuchita zimenezo m'dipatimenti ya kompyuta ndi yoyenera kuilemekeza.

Njira ya MoSCoW, yogawa zofunika m'magulu a Must, Should, Could ndi Won't, ndinkaiona ngati yachibwana pa bolodi. Ku Kamwala inagwira ntchito. Mayi aja chilichonse ankati ndi Must, mpaka titayamba kulemba mtengo pambali pa chinthu chilichonse. Pomwepo zambiri zinasamukira ku Could mosakakamiza.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Manotsi a kosiyi ndi akunja kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Zitsanzo zake ndi za kubwereka mabuku mulaibulale, kugula tikiti ya ndege, kusungitsa chipinda kuhotela. Koma munthu amene adzalembe ma requirements mu Zambia akufunika kudziwa zinthu zimene mwini bizinesi sangazitchule yekha. VAT kuno ndi 16 peresenti. Mu 2024 a ZRA, bungwe la misonkho, anayamba kufuna kuti mabizinesi olembetsa VAT azitulutsa ma invoice kudzera pa sisitimu yawo ya Smart Invoice, ndiye pulogalamu ya malonda imene siilumikizana nayo ingagwetse kasitomala wanu m'mavuto. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limakhudza ngakhale kabuku ka nkongole kaja mukakasamutsira pa kompyuta, chifukwa muli mayina a anthu, manambala a foni, penanso manambala a NRC. Nanga malaiti? Amene tinali muno mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tikudziwa kuti funso lakuti pulogalamu idzatani magetsi ndi intaneti zikapita si lofunsa pomaliza. Zonsezi mphunzitsi ankazitchula pakamwa akakumbukira, koma m'manotsi munalibe, pamayeso sizinabwere. Wojomba tsiku limenelo zinamupita.

Mayeso enieniwo ndiwo anandikwiyitsa kwambiri. Semesita yonse tikuuzidwa kuti luso lalikulu ndi kumvetsera, koma pepala lomaliza linadzaza ndi zojambula za UML, njira yojambulira mmene pulogalamu imagwirira ntchito. Muvi wa pachithunzi cha use case, chosonyeza amene agwiritse ntchito pulogalamu ndi zimene achite nayo, ukaloza kolakwika, mamaki apita. Mnzanga wina amene amatha kuchititsa munthu wamanyazi kulankhula momasuka, amene anatulutsa nkhani ya booth ija mwa kungocheza ndi mtsikana wa pakauntala, anapeza mamaki ochepa kuposa munthu amene sanapondeko ku Kamwala koma analoweza zizindikiro. Sindikunena kuti UML ndi BPMN, njira ina yojambulira mmene ntchito imayendera, n'zosafunika. Chithunzi chojambulidwa bwino ndi chimene chinatithandiza. Koma kujambula munthu angaphunzire yekha pa pulogalamu yojambulira ya draw.io, pamene kufunsa kumafuna wina akuonerere n'kukukonza.

Ndipo kufunsako tinaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndi mndandanda wa mafunso olembalemba. Pitani nawo ku Kamwala kapena kumsika wa Soweto muone. Kumeneko mumalankhula Chinyanja, wina akuyankhani m'Chibemba, ndipo munthu wamkulu simungomufunsa kuti mumapeza zingati pa tsiku. Mumayamba mwapereka moni, mwafunsa za kunyumba, mwadikira ogula achepe. Wantchito simumufunsa za ndalama abwana ake ali pomwepo. Izi palibe anatiuza m'kalasi, ndipo ola limodzi lokha loyeserera zikanakwana.

Zina ndi zazing'ono. Kalata yotidziwitsa kwa mwini bizinesi inachedwa kutuluka kuofesi, ndalama za minibasi zinali zathu, pulogalamu yolondolozera ntchito ya Jira tinangoionera pa projekita. M'gulu, monga mwa masiku onse, ena ankangobwera kudzalembetsa dzina pachikuto cha lipoti.

Amene mukuganiza za satifiketi, dziwani kuti kosiyi siikupatsani. Bungwe la akatswiri a business analysis la IIBA, limene linayamba mu 2003 ku Toronto, ndilo limapereka masatifiketi a ECBA, CCBA ndi CBAP, ndipo mayeso ake amachokera m'buku lawo la BABOK Guide, limene mtundu wake wachitatu unatuluka mu 2015 ndipo uli ndi magawo asanu ndi limodzi. Kosi yathu inagwira bwino gawo la kufunsa anthu ndi la kusanthula ma requirements. Gawo la strategy ndi la kuyeza ngati chinthu chimene mwapanga chathandizadi tinangodutsamo mothamanga sabata yomaliza. ECBA safuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito, ndiye womaliza digiri angayambire pamenepo, koma muyenera kuwerenga panokha ndi kukonzekera kulipira m'madola. CBAP imafuna maola 7,500 a ntchito, imeneyo ndi nkhani ya zaka zam'tsogolo.

Dandaulo langa lalikulu ndi nthawi imene amaiika. Pofika chaka chachitatu timakhala titapanga kale mapulojekiti angapo a database ndi a webusayiti popanda kufunsa munthu aliyense ngati akuwafuna, chizolowezi chitakhazikika. Ikanabwera m'chaka chachiwiri, n'kukhala ndi gawo lachiwiri lolumikizana ndi pulojekiti yomaliza, nyenyezi yachisanu ndikanaipereka.

Ngati mukuitenga semesita ikubwerayi, pezeranitu bizinesi makalasi asanayambe, musadikire kalata. Sankhani yaing'ono imene mwini wake mungamupeze pamaso, chifukwa kumakampani akuluakulu adzakusiyani pa reception. Pitaniko kumapeto kwa mwezi pamene ogula achuluka, ndipo akayamba kukuzolowerani, pemphani mwaulemu kuti akuonetseni kabuku ka nkongole.