Koleji yokonzekeretsa ana ya m'tauni: masamu amawatha, koma chenjerani ndi chilankhulo

Tinasamukira kuno ku Harare mu Ogasiti chaka chatha chifukwa cha ntchito, mnyamata wanga wa zaka 15 atangomaliza Fomu 2 ku Lilongwe. Vuto loyamba linali la kalendala, pakuti ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala pomwe kuno chimayamba mu Januwale. Sekondale yomwe inatipatsa malo inati mwanayo adikire kuti adzayambire limodzi Fomu 3 ndi anzake, ndipo ine sindinafune kuti akhale miyezi inayi akungotembenuza foni pampando. Mayi wina wa kumpingo kwathu ku Highfield, yemwe makolo ake anachokera ku Dedza kalekale, ndiye anandilozera kakoleji kena ka m'tauni, kamene kali pansanjika yachiwiri ya nyumba ina pafupi ndi pokwerera makombi (maminibasi) pa Copacabana. Dzina lake sinditchula chifukwa ndinenanso zimene sizinandisangalatse.

Tsiku loyamba, mphunzitsi wamkulu asananene n'komwe za ndalama, anam'patsa mwanayo pepala lakale la masamu la ZIMSEC, bungwe lomwe limayendetsa mayeso kuno monga ichitira MANEB kwathu, ndipo anakhala naye pafupifupi ola lathunthu akuchonga ndi cholembera chofiira. Atamaliza anandiitana nati, "Baba, mwana wanuyu mutu ulipo, kungoti mafunso akuno sanawazolowere." Anandionetsa mitu itatu yomwe inam'vuta, nalemba kuseri kwa pepala lomwelo ndondomeko ya sabata iliyonse kufikira Disembala. Ndondomekoyo anaitsatiradi. Lachisanu lililonse kunkakhala mayeso aang'ono ndipo zotsatira zinkandipeza pa WhatsApp madzulo omwewo, zinthu zomwe ndaziona kawirikawiri zikulonjezedwa koma osachitika.

Mphunzitsi yemweyo ndiye anatimasulira dongosolo la kuno mosatopa: mayeso a O Level amalembedwa pa Fomu 4, wofuna kupita Fomu 5 amayenera kukhoza maphunziro osachepera asanu pa giredi C kapena kuposa apo, Chingerezi chili momwemo, kenaka pamabwera zaka ziwiri za A Level. Atauza mwanayo kuti azilakalaka mapointi 15, mnyamatayo anandiyang'ana modabwa, chifukwa kwathu pa MSCE katswiri ndi wa mapointi 6 ndipo akamachuluka ndiye kuti zinthu zikutsika. Kuno A mmodzi ndi mapointi asanu, choncho 15 pa maphunziro atatu ndiye pamwamba penipeni. Tinaseka tonse.

Phunziro la Heritage Studies nalonso analigwira bwino. Mwana yemwe anakula akuloweza za John Chilembwe ndi 1915 anafunika kuyambira pansi kuphunzira za Great Zimbabwe, Chimurenga choyamba cha 1896 (nkhondo yolimbana ndi atsamunda), Mbuya Nehanda ndi Sekuru Kaguvi, mpaka ufulu wa 1980. Mayi wophunzitsa phunziroli anali wanzeru, pakuti anam'pempha kuti afotokozere kalasi za Chilembwe kaye, kenaka nkhani zinazo anazimangirira pamenepo.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe chinatsala pang'ono kuwononga zonsezi. Polembetsa anatitsimikizira kuti maphunziro onse amaperekedwa m'Chingerezi, ndipo n'zoona kuti zolemba pabolodi zimakhala za Chingerezi. Koma mphunzitsi akafika pamfundo yovuta, pamene mwana amafunikira kumvetsera ndi makutu onse awiri, pakamwa pamangotembenukira ku Chishona, chifukwa ndi mmene ana ena onse amamvera msanga. Akamaliza amafunsa kuti "Manzwisisa here?" (kutanthauza "Mwamvetsa?"), kalasi yonse n'kuvomera, mwana wanga nayenso n'kugwedeza mutu poopa kuoneka mbuli. Zimenezi ndinazidziwa patatha milungu itatu, nditaona mu kope lake la Combined Science atalemba kuti mchere umasungunuka mu mvula. Nditamufunsa anati, "Adadi, aphunzitsi ananena okha kuti mvura." Iye sanadziwe kuti m'Chishona mawu amenewa amatanthauza madzi wamba komanso mvula yogwa kumwamba. Zilankhulo ziwirizi zimafanana mokwanira kuti mwana aziganiza kuti wamva pamene sanamve, ndipo kumeneko n'koopsa kuposa kusamva konse.

Nditakadandaula, anandilandira mwaulemu ndipo mphunzitsi wa sayansi anayesetsa kwa masiku angapo, koma chizolowezi ndi chizolowezi. Ndinafunsa ngati ali ndi kalasi ya Chishona ya oyamba kumene, anati alibe, chomwe ali nacho ndi Chishona cha mayeso cha ana omwe anayamwira chilankhulocho. Kwa koleji imene imalandira ana ochokera kunja n'kumawalipiritsa mofanana ndi ena onse, ichi ndi chilema chachikulu. Zimandiwawa pang'ono ndikakumbukira kuti Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 amazivomereza, koma m'chipinda chija panalibe wamkulu ngakhale mmodzi woti n'kumasulira mwana liwu limodzi. Yemwe anatipulumutsa ndi mtsikana wina wa ku Mufakose wa m'kalasi momwemo, mdzukulu wa agogo a ku Zomba, amene anayamba kumunong'oneza matanthauzo m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Za malo sindinena zambiri. Zipinda n'zopanikizika, phokoso la makondakitala oitanira makombi limalowa pazenera tsiku lonse, ndipo magetsi akazima chipinda chakumbuyo chimada ngati madzulo. Malipiro anali madola 40 a ku America pamwezi, ndipo lisiti ankapereka nthawi zonse popanda kukumbutsidwa.

Mu Januwale mnyamatayo analowa Fomu 3 atavala bulezala ndi tayi, masamu ali pamzere umodzi ndi anzake, ndipo pa zimenezi ndalama yanga sinapite pachabe. Kholo lililonse lochokera kwathu lomwe likuganiza zopititsa mwana kumeneko, ndingalilangize kuti lisanalipire lipemphe kukhala kumbuyo kwa kalasi ya sayansi kwa phunziro limodzi lathunthu, ndipo liwerenge kuti mphunzitsi wasiya Chingerezi kangati.