Khonje, americana kapena yucca: mubzale chiti pa mpanda wa munda?

Mbewu zitatuzi ndi zapachibale ndipo zonse kwawo ndi ku America, makamaka dera la Mexico. Kuyambira 2009 akatswiri a zomera amaziika m'banja la Asparagaceae. Aloe, amene anthu amamusokoneza nazo, ndi wa banja lina: tsamba lake mukalithyola mumatuluka zoterera, pamene la khonje limakana kuduka chifukwa cha ulusi. Pa mpanda, zitatuzi sizigwira ntchito mofanana.

Tiyambe ndi khonje weniweni, Agave sisalana. Masamba ake ndi obiriwira, oongoka, otalika mita imodzi mpaka imodzi ndi theka kapena kuposerapo, munga uli umodzi wokha kunsonga. M'mbali mwa tsamba lokhwima simukhala minga, n'chifukwa chake kudula kwake sikuvuta. Anafika kum'mawa kwa Africa mu 1893, pamene katswiri wa zaulimi wa ku Germany, Richard Hindorf, anaitanitsa timbewu 1,000 kuchokera ku Florida, n'kupulumukapo 62 tokha tomwe anabzala kufupi ndi Pangani ku Tanzania. Minda ikuluikulu ya khonje ya kumeneko inayambira pa timbewu timeneti.

Khonje sabereka njere zoti mungadalire. Mbewu yake ndi ya mitundu iwiri: ana ophukira pansi m'mbali mwa tsinde, ndi tiana tomera pa mlongoti (mtengo wautali wa maluwa wotuluka pakati pa khonje) maluwa akayoyoka, tomwe timatha kupitirira 1,000 pa mlongoti umodzi. Ana apansi amagwira msanga koma amasiyana misinkhu, ndiye mpanda umakula mokwera n'kutsika. Tiana ta pa mlongoti timafuna nazale ya chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, motalikana masentimita 50 ndi 25, mpaka titafika masentimita 30 kapena 40. Pookera dulani mizu yakale, chotsani masamba ouma apansi, ndipo musakwirire mtima wake. Dothi likalowa pakati pa masamba mbewu imawola. Pa mpanda bzalani mizere iwiri yotalikana mita imodzi, mapando motalikana masentimita 75 mpaka 80, phando la mzere wachiwiri liyang'anizane ndi mpata wa mzere woyamba. Mzere umodzi mbuzi zimaudutsa popanda vuto kwa zaka ziwiri zoyamba, ndiye muyambe mwaikapo minga kapena mitengo podikira.

Phindu lake lalikulu ndi ulusi. Kudula kumayamba pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa moyo wake wonse tsinde limodzi limapereka masamba 200 mpaka 250. Dulani apansi okha, pafupi ndi tsinde, n'kusiya masamba osachepera 20 kapena 25 pamwamba. Yambani mwadula munga wa kunsonga musanamange mtolo. Palani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mukachedwa madzi a tsamba amauma n'kumatirira, ulusi umaduka popala ndipo umada. Mukapala, tsukani ndi madzi oyera, yanikani pa chingwe, kenako mupote. Musayembekezere zambiri: ulusi ndi pafupifupi magawo 4 pa 100 a kulemera kwa tsamba, kotero mtolo wolemera makilogalamu 25 umatulutsa kilogalamu imodzi basi. Ndipo pali kukokanakokana pamenepa. Mukadula kwambiri kuti mupeze zingwe, pansi pamatseguka ndipo ana a mbuzi amalowa. Njira yake n'kudula mzere wam'kati wokha, wakunja n'kuusiya ndi masamba ake.

Vuto lomwe ambiri saliganizira n'lakuti khonje amachita maluwa kamodzi kokha. Pa zaka 7 mpaka 10 amatulutsa mlongoti wa mamita 5 kapena 6, chakudya chonse chimathera kumeneko, tsinde n'kufa. Ngati munabzala tsiku limodzi mbewu za msinkhu umodzi, mpanda wonse umagwa m'zaka zoyandikana. Kudula mlongoti sikupulumutsa tsinde. Chofunika n'kusiya mwana mmodzi kapena awiri pa tsinde lililonse kuyambira chaka chachinayi, enawo n'kumazula ndi khasu chaka ndi chaka asanalowe m'munda. Mlongoti wouma ndi wopepuka, umathandiza pa khola kapena pa denga la chisakasa.

Agave americana amaoneka woopsa ndipo n'zoonadi. Masamba ake ndi otuwa, okhuthala, opindika, ali ndi minga yokowa m'mbali monse. Ng'ombe siyesa n'komwe. Amakhalitsa kuposa khonje, zaka 10 mpaka 30 asanatulutse mlongoti, ndipo amapirira chisanu, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri m'mipanda ya ku Lesotho ndi ku Karoo, dera louma la ku South Africa. Koma tsinde limodzi limatambalala mamita awiri kapena atatu. Pa munda wa ekala imodzi wozungulira mamita 250, ndiye kuti mwapereka malo a mizere ingapo ya chimanga kuzungulira munda wonse. Ulusi wake ndi wochepa mphamvu pouyerekeza ndi wa khonje, ndipo madzi ake amayabwa koopsa mpaka kutulutsa matuza, chifukwa muli tinthu ting'onoting'ono tosongoka ta calcium oxalate. Podula valani malaya a manja aatali, gwiritsani chikwanje chakuthwa, osati makina othovya madziwo. Ameneyu ndi wa m'malire a malo aakulu, a miyala, osalimidwa.

Yucca ndi wosiyana pa mfundo imodzi yaikulu: akachita maluwa safa, amaphukira nthambi n'kupitiriza kukula. Yucca gigantea amakula ngati mtengo, masamba ake alibe munga wobaya, ndipo ku Central America amamubzala m'malire ndi m'migula ya minda ya khofi. Kubzala kwake n'kosavuta: dulani chitsinde cha masentimita 40 mpaka 60, chisiyeni pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, chizikeni mbali yapansi ili pansi. Koma akamakula masamba amathawira m'mwamba, pansi n'kutsala mitengo yokhayokha. Monga mizati yamoyo yokokerapo waya ndi wabwino. Payekha satchinga mbuzi. Yucca aloifolia ali ndi nsonga zobaya ngati mkondo, zomwe zimafika pa msinkhu wa maso a mwana, choncho asayandikire njira kapena bwalo losewerera. Musabzalenso yucca pafupi ndi khoma kapena mapaipi, tsinde lake limafufuma pansi.

Zonse zitatu zimadana ndi lowe. Kudambo kapena pa makande osunga madzi tsinde limawola, ndipo mabala odula nthawi ya mvula yambiri ndiwo khomo la chiwolechi komanso la nankafumbwe wakuda woboola tsinde. Dulani kukauma. Pamalo otere bzalani pa mtumbira wokwera, apo ayi sankhani mpanda wa mtundu wina.

Kwa mlimi wa munda waung'ono wofuna kutchinga ziweto n'kupezanso zingwe zomangira mbuzi, matumba ndi denga, khonje weniweni wa mizere iwiri ndiye woyenera. Pakhomo pomwe pali ana, bzalani yucca gigantea n'kukokerapo waya.