Sofa ya Ercol patatha miyezi 14: thabwa lili bwinobwino, malamba ndiwo anagwetsa alamu anga

Chandibweza kuno ndi lisiti la £165 lokonzetsera sofa lomwe lili patebulo panopa, komanso msana wa alamu anga. Amene munawerenga zomwe ndinalemba chaka chatha nditangogula sofa ya Ercol mukukumbuka mmene ndinaitamandira, ngati mwana amene amugulira nsapato za pa Khirisimasi. Pano yatha miyezi 14 m'nyumba mwathu muno ku Leicester. Timakhalapo tsiku lililonse, alendo asanu agonapo, ndipo kamodzi inatsitsira munthu wamkulu pansi pakati pa usiku. Ndiye pali zina zomwe ndinanena zofunika kuziwongola.

Kwa amene simunaione, ndi sofa imene a Ercol, kampani yopanga mipando ya kuno ku Britain, amaitcha Studio Couch, nambala 355, yomwe inayamba kupangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita awiri. Felemu, miyendo ndi mikono yake yopindika ndi za mtengo wa beech, ndipo kumsana kuli thabwa limodzi lalitali la mtengo wa elm, lomwe ogulitsa amalitcha surfboard. Ukachotsa makhushoni akumsana, basi yasanduka bedi la munthu mmodzi. Ndinaigula £900 kwa bambo wina wogulitsa mipando yakale, n'kuwonjezera £70 ya galimoto yobweretsa. Polengeza malonda ake analemba kuti anaikonza yonse, thabwa analipala n'kulipaka mafuta, makhushoni ndi atsopano, malamba apansi nawonso ndi atsopano.

Zoyenda bwino sinditayapo nthawi. Sigwedera ngakhale pang'ono, palibe polumikiza pomwe pamasuka. Ndi yopepuka moti ndimaikoka ndekha pokolopa, ndipo poti miyendo yake ndi yaitali, fumbi lilibe pobisala. Nsalu ya makhushoni sinasuluke. Makhushoniwo ali ndi kansalu kosonyeza kuti siponji yake sigwira moto msanga, monga limafunira lamulo la kuno la 1988, ndipo pamenepo wogulitsa sananame. Thabwa silinafumbwe, ndinaunika ndi tochi paliponse. Kugonapo n'kwabwino ngati suli wamtali kwambiri. Kukhalapo nthawi yaitali ukuonera mpira, mutu ulibe potsamira. Imeneyo ndi nkhani ya kapangidwe kake ndipo ndinaidziwa ndisanagule.

Mayi akunyumba sanaikonde tsiku loyamba. Anaizungulira kawiri n'kundifunsa kuti, "Abambo, ndalama zonse zija mwagula benchi ya kuchipatala?" Iwo ankafuna sofa yonenepa yachikopa, yoti munthu ukakhalapo umire. Alendo ena achimalawi akabwera amaiyang'ana mwachisoni, ngati zinthu zatithina mpaka tayamba kugula mipando ya kaunjika. Koma pano ndi mayi omwewo amene amakalipira ana akaika kapu yonyowa pathabwa.

Vuto linayamba mwezi wachisanu. Pakati panayamba kulowa pang'ono, mwina kuya kwa zala ziwiri. Ndinati ndi siponji ikuzolowera, ndinatembenuza khushoni n'kuiwala. Mwezi wachisanu ndi chinayi, ukakhala pakatipo unkamva kamawu kakang'ono, ngati munthu akung'amba katoni yowuma. Pansi pa sofa pankapezekanso tizidutswa tofiirira tangati makoko a mtedza, ine n'kumakalipira ana kuti akudyera mabisiketi pabalaza. Kuti ndinyamule khushoni yayikulu ija n'kuona bwino, ayi, sindinachite. Kulakwa kumeneko ndi kwanga ndipo kwandidyera ndalama.

Ndiye mu February alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, anabwera kudzagona usiku umodzi akuchokera ku ntchito ku Coventry. Ndi munthu wathupi ndithu. Tinawayalira bwino, ine n'kumawanyadira kuti mugona pa mpando wa zaka zoposa 50. Cha m'ma 2 koloko usiku tinangomva phuu! kenako chete. Ndithamangire pabalaza, ndinawapeza matako ali pansi penipeni, mutu ndi miyendo zili m'mwamba, khushoni itawapinda pakati, bulangeti lili kumaso. Sanakuwe. Anangoti, "Alamu, mukanangonena kuti simukufuna alendo." Tinawatulutsa anthu awiri. Anamaliza usikuwo pamatilesi a ana, ndipo mpaka lero akaimba foni amayamba n'kufunsa ngati msampha uja ukadalipo.

Kutacha ndinachotsa makhushoni onse. Sofa imeneyi ilibe masipuling'i. Chomwe chimanyamula munthu ndi malamba a labala, aakulu pafupifupi mainchesi awiri, okokedwa kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo kwa felemu. Amisiri kuno amangoti malamba a Pirelli, dzina la kampani ya zinthu za labala, chifukwa ndiwo ankagwiritsidwa ntchito pa mipando yambiri ya nthawi imeneyo. Labala sakhala muyaya, akakalamba amauma n'kuyamba kusweka, ndipo palibe amene angadandaule kuti lamba wa zaka makumi angapo watha. Chomwe chinandipsetsa mtima n'china. Malamba awiri a mbali iyi ndi awiri a mbali iyo anali atsopanodi, ofewa, onunkhira labala. Onse apakati anali akalekale, olimba ngati chikopa chouma, ong'aluka ngati tayala logona padzuwa, ndipo anaoneka kuti wina anawapukuta ndi kamafuta kuti awale. Asanu anali ataduka. Munthu ukamagula umanyamula khushoni pakona, kusuzumira, kukanikiza lamba mmodzi, n'kukhutira. Ndi zomwe ndinachita ine, ndipo amene anasintha anayi okhawo ankadziwa bwino pamene wogula amasuzumira.

Ndinaitana mmisiri wa mipando, bambo wachikulire amene wakhala pa ntchitoyi moyo wake wonse. Atangolowa sanayang'ane n'komwe malamba, analoza radiator, chipangizo chotenthetsa m'nyumba, yomwe inali kumbuyo kwa sofa n'kupukusa mutu. Anati kutentha kumeneko kumaumitsa labala msanga ndiponso kungathe kupinditsa thabwa la elm. Ndiye ndivomere kuti nanenso ndinawafulumizitsa kufa malamba aja. Koma anatsindika kuti chaka chimodzi cha radiator sichingafikitse lamba watsopano pamenepo. Anathyola kachidutswa ndi zala ziwiri, kanangoti thyo ngati chigumu chogona, n'kundipatsa kuti ndisunge.

Mkwiyo wanga unazizirako nditaima n'kumaonerera akugwira ntchito. Ndinkaganiza kuti ang'amba, akhoma misomali, aononga thabwa. Ayi ndithu. M'felemu muli timipata tocheka kale. Lamba amalowa pakampatako, amapindidwa kumapeto, m'kati mwa popindapo mumalowa kamtengo kakang'ono, ndipo kamtengoko ndiko kamaletsa lamba kusolotoka. Lamba watsopano amamudula mofupikirako, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuti akakokedwa akhale wothina. Ntchito yonse inatenga maola osakwana awiri, thabwa losakhudzidwa ndi nyundo. Amene anapanga mpandowu ankadziwa kuti labala adzatha thabwa likadali moyo, ndiye anasiya njira yosinthira. Sofa yathu yakale yachikopa itaphwa pakati tinachita kulipira anthu kuti akaitaye, chifukwa mkati mwake munali timatabwa toumba ndi utuchi tokhomedwa mwachisawawa.

Mmisiri uja ndi wokonda kucheza, ndipo zambiri zomwe anandiuza ndinali nditaziwerengapo, koma zimamveka mosiyana munthu akukusonyeza ndi chala. Amene anayambitsa kampani ya Ercol, Lucian Ercolani, anabadwira ku Italy mu 1888, anabwera ku London ali mwana, ndipo anatsegula fakitale yake ku High Wycombe mu 1920. Tauni imeneyo inali kale kwawo kwa mipando chifukwa cha nkhalango za beech za m'mapiri a Chiltern, mmene amisiri ankasemera miyendo ya mipando m'tchire momwemo. Mu 1944, nkhondo ili mkati, boma linapatsa kampaniyi ntchito yopanga mipando yotchipa 100,000 ya mtundu wa Windsor, ija yathabwa yokhala ndi timitengo kumsana. Kuti akwanitse zimenezo anayenera kudziwa bwino kupinda matabwa ambirimbiri ndi nthunzi komanso kuumitsa elm, mtengo wokongola koma wamakani, womwe umapindika ukauma molakwika. Mikono ya sofa yanga ndi zotsatira za luso limenelo. Ndi mtengo umodzi wopindidwa, osati zidutswa zomata ndi guluu, ndipo ukatsatira mizere ya thabwa ndi chala umaona ikukhota limodzi ndi mkonowo osaduka.

Thabwa lakumsana ndilo ndimalikonda koposa. Litabwera linali lotuwirako chifukwa chopalidwa. M'miyezi 14 lasintha, layamba kufiirira ngati uchi, ndipo mizere yake yokhotakhota ikuoneka bwino dzuwa lamadzulo likalowa pawindo. Ndimalipaka phula la mipando kawiri pachaka, basi. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, matenda a Dutch elm anapha mitengo ya elm yoposa 20 miliyoni ku Britain kuno, choncho thabwa lalikulu chonchi la elm wakonkuno silopezeka wamba masiku ano. Amene munakulira m'nyumba muli tebulo la mlombwa kapena mbawa la agogo mukudziwa mmene munthu amalionera thabwa loti kalipentala wa lero sangalipeze.

Tsopano za wogulitsa. Ndinamutumizira zithunzi. Anayankha patatha masiku anayi kuti katundu wakale amagulidwa mmene alili, ndipo chaka chatha kale. Mwamwayi ndinali nditajambula malonda ake aja pafoni tsiku logula, ndiye ndinamutumizira mawu ake omwe oti malamba ndi atsopano. Anasintha nyimbo, akuti ntchito ya malamba anapatsa mnyamata wina ndipo iye sanaone. Mwina n'zoona, sindinganene kuti anachita dala ndi manja ake. Koma ndalama ya sofa yokonzedwa yonse analandira ndi iye, osati mnyamatayo. Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Rights Act la 2015, limati katundu wogulidwa kwa wamalonda, ngakhale wakale, ayenera kufanana ndi mmene anamufotokozera. Vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, zimatengedwa kuti linalipo kale pogula, pokhapokha wogulitsa asonyeze kuti sichoncho. Ikadutsa miyezi imeneyo, mtolo wa umboni umagwera wogula. Ine sofa inayamba kulowa mwezi wachisanu, ndipo ndinatembenuza khushoni m'malo motumiza uthenga. Ndikakumbukira pamenepo ndimadziluma chala.

Tinakokanakokana milungu itatu. Mmisiri uja anandilembera mizere iwiri pa lisiti yonena kuti malamba apakati anali akale kwambiri, ndipo nditatumiza chimenecho wogulitsa anandibwezera £50, akuti n'chifundo chabe, osati kuvomera kulakwa. Ndinalandira, chifukwa kupita ku khoti pa nkhani ya £165 kukanandidyera masiku a ntchito oposa ndalamayo. Ndiye masamu ake ali chonchi: £900, £70 ya galimoto, £165 ya malamba, kuchotsapo £50, yakwana £1,085.

Kodi ndi yoyenera ndalama imeneyo? Zimatengera tsiku lomwe mwandifunsa. Mlungu umene alamu anagwa ndinkafuna kuigulitsa, ndinajambula ndi zithunzi zomwe. Tsiku lomwe malamba atsopano analowa ndinakhalapo, inandinyamula mowongoka bwino kuposa tsiku lomwe inabwera, ndipo ndinafufuta zithunzi zija. Lisiti likandigwera m'maso ndimapsanso mtima. Chomwe sichisintha n'chakuti thabwa ndi luso la amene anapanga sizinandikhumudwitse ngakhale kamodzi. Ndalama yomwe ndimailira ndi ija ndinawonjezera chifukwa cha mawu oti "yokonzedwa". Zosakonzedwa za mtundu womwewu ndimaziona zikugulitsidwa motsika kwambiri ndi anthu osamuka kapena otulutsa katundu wa makolo awo, ndipo ndikanagula yotero n'kuitanira ndekha mmisiri, bwenzi ndikudziwa chilichonse chomwe chili pansi pa khushoni.

Ndi zomwe ndinauza mnzanga wa kutchalitchi amene akufuna mpando wa Ercol wa munthu mmodzi, nambala 203, womwenso umakhalira malamba omwewa. Ndinati, "Achimwene, musachite manyazi m'shopu. Chotsani khushoni yonse muike pansi, mukanikize lamba aliyense ndi chikhato, makamaka apakati. Mukaona timing'alu kapena tizidutswa tikuyoyoka, uzani mwini wake achotse ndalama ya malamba pamtengo. Ndipo zomwe walemba polengeza malonda muzijambule musanalipire." Anaseka n'kunena kuti nkhani ya alamu anga anaimva kale, yafika mpaka ku Nottingham.

Sofa tinaisuntha, pano ili khoma lina kutali ndi radiator. Dzulo wogulitsa uja watumiza uthenga ngati palibe chinachitika, akuti wapeza timatebulo titatu ta Ercol tolowetsana, tija amati pebble, tathabwa la elm lofanana ndi la sofa yanga, ndipo ine monga kasitomala wakale andichotserako £30. Mayi akunyumba ati ndikangoyankha ndikagona pabalaza mwezi wathunthu. Sindinamuyankhe, koma chithunzicho ndachitsegula kanayi lero, ndipo mwendo umodzi wa katebulo kapakati ukuoneka ngati unamatidwapo.